Ndikumwa tenofovir wa hepatitis B: ndimwe bwanji kuti asandivulaze, nanga ndidzasiya liti?

Funso: Ndine bambo wa zaka 41, ndimayendetsa thiraki. Anandipeza ndi hepatitis B nditapita kukapereka magazi, ndipo miyezi inayi yapitayo kuchipatala anandiyambitsa tenofovir, piritsi limodzi pa tsiku. Sindimva kupweteka paliponse. Mnzanga wandiuza kuti amenewa ndi ma ARV ndipo amapha impso, pomwe ine HIV ndilibe. Msana ukandivuta pa ulendo ndimamwa brufen. Mkazi wanga ndi woyembekezera. Kodi ndipitirize kumwa? Mpaka liti?

Yankho: Bambo, pitirizani kumwa. Pa zonse zomwe mwalembazi, zimene zingakuikeni pangozi msanga ndi ziwiri: kusiya tenofovir mwadzidzidzi, ndi brufen amene mukumwa pa ulendoyo. Mnzanuyo sananame kotheratu, koma wakupatsani theka la nkhani.

Tiyambe ndi zomwe piritsilo likuchita m'thupi mwanu, chifukwa munthu akamvetsa zimenezi savutanso kumukumbutsa za kumwa. Kachilombo ka hepatitis B kakalowa m'maselo a chiwindi kamasiyamo mbewu yake mkati mwenimweni mwa selo, ndipo mbewuyo imakhala mmenemo zaka ndi zaka. Tenofovir saifikira mbewu imeneyo. Iye amangotsekereza njira yomwe kachilomboko kamaswanirana. Mukamamwa tsiku ndi tsiku, tizilombo ta m'magazi timachepa mpaka makina a kulabotale amalephera kutipeza, kutupa kwa chiwindi kumazilala, ndipo kwa ambiri ngakhale zipsera zomwe zinayamba kale m'chiwindi zimabwerera m'mbuyo pakapita zaka. Koma motowo sunazime, wangokwiririka ndi phulusa.

Mukasiya kumwa, kachilombo kamayambanso kuswana mwachangu. Chitetezo cha m'thupi chikaona zimenezo chimalimbana ndi maselo onse a chiwindi omwe muli kachilomboko, ndipo nkhondo imeneyi ndiyo imawononga chiwindi. Vutoli silioneka tsiku lomwe mwasiyalo. Limabwera patapita milungu ingapo, mwina miyezi itatu, mwinanso isanu ndi umodzi, munthu ataiwala kale kuti anasiya mankhwala. Maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chilakolako cha chakudya chimatha, thupi limafooka. Kwa amene chiwindi chawo chidakali cholimba, nthawi zambiri zimadutsa akayambanso mankhwala msanga. Kwa amene chiwindi chili kale ndi zipsera zambiri, chimene madokotala amati cirrhosis, chiwindi chikhoza kulephereratu kugwira ntchito ndipo munthu amafa. Chovuta n'chakuti ambiri a cirrhosis yoyamba kumene sadziwa kuti ali nayo, chifukwa chiwindi sichidandaula msanga. Choncho mawu akuti "sindimva kupweteka paliponse" sitiwawerengera konse posankha kusiya kapena kupitiriza. Munali osamva kupweteka pomwe ankakupezani ndi matendawa.

Nanga mpaka liti? Kwa ambiri ndi zaka zambiri, ndipo ndi bwino kungokonzekera mumtima kuti ndi moyo wonse. Wa cirrhosis sasiya. Ena ochepa amaloledwa kusiya, makamaka ngati chizindikiro cha kachilombo chotchedwa HBsAg, chija anakupezani nacho popereka magazi, chazimiririka m'magazi. Zimenezi zimachitika kwa anthu ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse pa chaka kapena kucheperapo. Palinso ena opanda cirrhosis amene dokotala angawasiyitse magazi awo atakhala bwino kwa nthawi yaitali, koma amatero pokhapokha ngati munthuyo angathe kumayezedwa magazi pafupipafupi kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi atasiya, ndi kuyambanso mankhwala msanga zikavuta. Kwa munthu amene amakhala pamsewu milungu iwiri kapena itatu ngati inu, ifeyo sitingalimbikitse kuyesa zimenezo.

Kodi ndi ma ARV?

Inde, tenofovir ndi mmodzi mwa mankhwala atatu omwe ali m'piritsi la TLD limene anthu ambiri omwe ali ndi HIV amamwa m'Malawi. Enawo ndi lamivudine ndi dolutegravir. HIV ndi hepatitis B ndi tizilombo tosiyana, koma tonse tiwiri timagwiritsa ntchito chida chofanana poswana, ndipo tenofovir amatseka chida chimenecho. Anayamba kugwiritsidwa ntchito pa HIV mu 2001, kenako mu 2008 anavomerezedwa pa hepatitis B. Kupatsidwa tenofovir sikutanthauza kuti akukubisirani zotsatira za HIV. M'zipatala zina angakupatseni piritsi lophatikiza tenofovir ndi lamivudine chifukwa tenofovir payekha palibe, ndipo zimenezo n'zololedwa: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linazivomereza m'malangizo ake a 2024.

Ubale umenewu uli ndi zake zofunika kusamala. Munthu amene ali ndi HIV koma sakudziwa, akamamwa tenofovir yekha amakhala akupatsa HIV mankhwala operewera, ndipo kachilomboko kamaphunzira kuwapirira. Akadzayamba ma ARV enieni amapeza ena sakugwiranso bwino. N'chifukwa chake timayeza HIV tisanayambitse munthu, ndipo timayezanso chaka ndi chaka, kapena msanga ngati pachitika china chokayikitsa. Mukadzapezeka ndi HIV, dokotala adzakuchotsani pa tenofovir wapayekhayo n'kukuikani pa TLD, yemwe amagwira matenda onse awiri. Musadzamwe zonse ziwiri pamodzi, chifukwa mudzakhala mukumwa tenofovir kawiri ndipo impso ndizo zidzalipire. Musabwerekenso TLD wa mnzanu mankhwala anu akatha pa ulendo.

Kwa owerenga ena amene ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi, kapena akumwa PrEP wa mapiritsi, amene ndi mankhwala odzitetezera kuti asatenge HIV, pali msampha womwe ambiri sauona. Akakusinthani ma ARV n'kukupatsani opanda tenofovir, monga a abacavir kapena zidovudine, kapena mukasiya PrEP, kapena mukachoka pa mapiritsi n'kuyamba PrEP wa jakisoni, ndiye kuti mwasiyanso mankhwala a hepatitis B mosadziwa. Jakisoni wa cabotegravir sagwira hepatitis B. Lamivudine payekha amagwira kwa kanthawi, koma pofika zaka zisanu anthu pafupifupi 7 pa 10 alionse kachilombo kawo kamakhala katamuzolowera. Nenani kuti muli ndi hepatitis B nthawi iliyonse yomwe wachipatala akufuna kukusinthani mankhwala, ngakhale zinalembedwa kale m'buku lanu la kuchipatala.

Impso, ndi nkhani ya brufen

Tenofovir amachoka m'thupi kudzera mu impso. Podutsa mmenemo amalowa m'timachubu ting'onoting'ono tomwe ntchito yake ndi kubweza m'magazi zinthu zofunika, monga shuga ndi mchere wa phosphate, kuti zisatayike mu mkodzo. Mwa anthu ochepa, mankhwalawa amaunjikana m'timachubuti n'kutivulaza. Ambiri amamwa zaka khumi kapena kuposa impso zili bwinobwino. Amene timawayang'anira kwambiri ndi opitirira zaka 50 kapena 60, a shuga, a BP, ochepa thupi kwambiri, amene impso zinali zofooka kale, ndi amene akumwa mankhwala ena olemetsa impso. Inuyo mwalowa m'gulu lomalizali chifukwa cha brufen.

Brufen, amene dzina lake lenileni ndi ibuprofen, pamodzi ndi anzake diclofenac, indocid ndi piroxicam, amachepetsa magazi opita ku impso. Magazi akachepa, impso zimachedwa kutulutsa tenofovir, ndipo iye amaunjikana momwe muja tanenamu. Onjezanipo mmene ntchito yanu imakhalira: kutentha m'galimoto, thukuta, kumwa madzi pang'ono poopa kuimaima, kudikira masiku pa boda. Impso youma, brufen ndi tenofovir zikakumana, munthu amene anali bwinobwino akhoza kuvulala impso m'masiku ochepa. Kumwa brufen kamodzi mwa apo ndi apo thupi lili ndi madzi okwanira si kumene kumatidetsa nkhawa. Chimene chimavulaza ndi chizolowezi cha mapiritsi awiri m'mawa ndi awiri madzulo ulendo wonse. Ndipo ngati muli ndi cirrhosis, mankhwala a mtundu umenewu ndi oletsedwa kotheratu, chifukwa kuwonjezera pa impso angathe kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

Panado ndiye wabwinoko, ngakhale anthu ambiri amadabwa tikatero chifukwa anamva kuti amawononga chiwindi. Amawononga akapyola mlingo. Piritsi limodzi ndi 500 mg. Munthu wamkulu wa hepatitis B yemwe chiwindi chake chikugwira bwino angamwe awiri nthawi imodzi, osaposa katatu pa tsiku, kwa masiku owerengeka. Wa cirrhosis kapena womwa mowa asapyole mapiritsi anayi pa tsiku lonse, omwe ndi magalamu awiri. Werengani zolembedwa pa mankhwala a chimfine ndi a mutu a m'magolosale, chifukwa ambiri muli kale paracetamol, amene ndi panado yemweyo, ndipo ena muli aspirin kapena ibuprofen. Msanawo ukapitirira kuvuta, ukaonedwe kuchipatala. Mpando, kanthu kotsamira m'chiuno ndi kutsika kukaongola miyendo maola awiri alionse zimathandiza madalaivala ambiri kuposa mapiritsi. Komanso ululu wa m'mafupa, m'chiuno ndi m'nthiti, pamodzi ndi kufooka kwa ntchafu moti kukwera m'galimoto kapena kudzuka pansi kukuvuta, kwa munthu womwa tenofovir nthawi zina ndi chizindikiro chakuti impso zikutaya phosphate ndipo mafupa akufewa. Zimenezi sizichitika kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri zimadza patapita chaka kapena zaka, koma ndi ululu womwe munthu angaubise ndi brufen kwinaku akuukuza.

Palinso mankhwala a kuchipatala olemetsa impso, monga jakisoni wa gentamicin ndi amphotericin wa mudiripi. Sikuti ndi oletsedwa, koma wokupatsaniyo adziwe kuti mukumwa tenofovir, kuti asankhe ena kapena aziyeza impso.

Kuyeza impso sikovuta. Amatenga magazi kuona creatinine, chotsalira chimene impso zimachotsa m'magazi, n'kuwerengera mphamvu ya impso kuchokera pamenepo potengera zaka ndi kulemera kwanu. Amaviikanso kapepala mu mkodzo kuona ngati muli mapuloteni kapena shuga. Shuga akapezeka mu mkodzo mwa munthu amene alibe matenda a shuga, chimenecho ndi chenjezo loyambirira la timachubu tija, ndipo limaoneka creatinine asanakwere. Izi zimayenera kuyezedwa musanayambe mankhwala, kenako chaka ndi chaka, ndipo kwa a m'magulu tatchula aja miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse. Popeza mwakhala mukumwa brufen, pemphani kuti akuyezeni ulendo wotsatira osadikira chaka. Nambala ya mphamvu ya impso ikatsika kufika pansi pa 50, tenofovir samwedwanso tsiku ndi tsiku: pakati pa 30 ndi 49 amamwedwa kamodzi pa masiku awiri, ndipo ikatsika kuposa apo dokotala amatalikitsanso kapena kusintha mankhwala. Kutalikitsa kumeneku ndi kwa dokotala ataona zotsatira. Musayambe nokha kudumphitsa masiku pofuna kupumitsa impso, chifukwa mukatero kachilombo ndiko kamapeza mpata woswananso.

Impso zikavuta pali kolowera. Entecavir, wa 0.5 mg pa tsiku, salemetsa impso ngati tenofovir, koma amafuna m'mimba mopanda kanthu: patapita maola awiri mutadya, ndipo mudikirenso maola awiri musanadye. Sagwira bwino kwa munthu amene kachilombo kake kanazolowera lamivudine, ndipo sitimupereka kwa amayi oyembekezera. Palinso tenofovir wa mtundu watsopano, TAF, wa 25 mg, womwera pa chakudya, amene savuta impso ndi mafupa kwenikweni, koma sagwirizana ndi rifampicin wa TB ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, chifukwa amamuchepetsa mphamvu. Awiriwa amapezeka m'malo ena okha. Chofunika n'chakuti kusintha kumachitika lero ndi lero: mwasiya uyu, mwayamba uyo, popanda masiku opuma pakati.

Kamwedwe ka tsiku ndi tsiku

Piritsi limodzi la 300 mg, kamodzi pa tsiku, nthawi yofanana. Mabotolo ena amalemba 245 mg; musadabwe, ndi mlingo womwewo, angosiyana kawerengedwe. Kumwera pa chakudya kumachepetsa nseru ndipo mankhwala amalowa bwino, koma mukakhala pamalo popanda chakudya imwani ndithu ndi madzi. Sankhani nthawi yomwe simusemphana nayo ngakhale muli pa ulendo, ndipo ikani alamu pa foni. Osala kudya masana, monga m'mwezi wa Ramadan, angosunthira piritsi madzulo.

Mukaiwala n'kukumbukira maola 12 asanathe, imwani pomwepo, mawa mupitirize nthawi yanu ija. Akapitirira maola 12, lisiyeni la tsikulo, mudikire lotsatira, ndipo musamwe awiri pofuna kubweza. Mukasanza ola limodzi lisanathe chimwereni, imwani lina. Mukasanza ola litadutsa, mankhwala alowa kale.

Kuiwala tsiku limodzi si ngozi. Ngozi ndi kutha kwa botolo muli kutali ndi kwanu, n'kukhala milungu itatu opanda kanthu. Uzani a kuchipatala za ntchito yanu kuti ngati n'kotheka akupatseni a miyezi itatu. Pitani kukatenga ena mukatsala ndi a milungu iwiri, osati piritsi lomaliza. Ponyamuka tengani oposa masiku omwe mukuyembekezera kukhala, chifukwa pa boda sapangana nanu. Asiyeni m'botolo lawo lolembedwa dzina la mankhwala, ndipo yendani ndi buku lanu la kuchipatala kapena chithunzi chake pa foni, kuti famase kapena chipatala cha dziko lina chikuthandizeni mosavuta. Mankhwalawa safuna kutentha kopyola madigiri 30, choncho pa dashibodi si malo ake. Aikeni m'chikwama cha zovala pamthunzi. Kathumba kapena kabotolo kakang'ono kamene mumakapeza mkatimo ndi koyamwa chinyezi. Musakataye, ndipo musakameze.

Zikachitika kuti mwakhala opanda mankhwala sabata kapena kuposa, yambaninso tsiku lomwe mwawapeza, pa mlingo womwewo, ndipo kauzeni dokotala zoona zake kuti ayeze chiwindi.

Masabata oyamba ena amamva nseru, mutu, chizungulire, mpweya m'mimba kapena kutsegula pang'ono. Zimatha zokha, ndipo poti inu mwafika miyezi inayi, gawo limenelo mwadutsa. Mukadwala kutsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza kosalekeza, imwani thanzi ORS ndipo pitani kuchipatala msanga kusiyana ndi mmene mukanachitira kale, chifukwa kuuma kwa thupi ndiko kumavulaza impso za munthu womwa tenofovir.

Izi zokha musagone nazo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo: maso achikasu, mkodzo wakuda kwambiri, mimba kapena miyendo kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kusokonezeka mutu kapena kusinza masana mosadziwika bwino, mkodzo kuchepa kwambiri, kapena kupuma mwabefu pamodzi ndi kufooka ndi kupweteka m'mimba.

Zimene piritsi silingakuchitireni

Tenofovir amachotsa mdani mmodzi wa chiwindi. Adani enawo ali m'manja mwanu. Mowa ndiye woyamba, ndipo pano sitisiyanitsa wa m'botolo, chibuku, masese kapena kachasu. Palibe mlingo womwe tinganene kuti ndi wabwino kwa chiwindi chokhala ndi hepatitis B. Mowa suletsa piritsi kugwira ntchito, choncho ngati mwamwa musadumphe mankhwala poganiza kuti siziyenderana, koma umafulumizitsa zipsera zomwe mukulimbana nazozo.

Wachiwiri ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zosauma bwino zimamera nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoni ameneyu akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, chiopsezo cha khansa chimakula kwambiri kuposa chilichonse pachokha. Saphedwa ndi moto, ndiye kukazinga kapena kuphika sikuthandiza. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wonyala ndi wosweka kuti ukhale nsinjiro za pakhomo. Mtedza wowawa, wakuda kapena wofota utayidwe, chimodzimodzi chimanga chofuka.

Zitsamba zotsuka chiwindi, kaya za kwa asing'anga kaya za m'mabotolo okongola zomwe zimatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, palibe imodzi yomwe inaonetsedwa kuti imachotsa hepatitis B. Zina zimatupitsa chiwindi, zina zimavulaza impso, ndipo mlingo wake sudziwika. Chomwe chimatipweteka mtima kwambiri ndi malangizo omwe amabwera nazo, akuti muyambe mwasiya za kuchipatala kuti zathu zigwire. Ngati munamwapo, nenani kuchipatala mosaopa kukalipiridwa, chifukwa zimathandiza kumasulira zotsatira za magazi.

Mukadzadwala TB, mankhwala ake atatu, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amalemetsa chiwindi. Amamwedwa ndithu, ndipo tenofovir wanuyu sasiyidwa, koma magazi amayezedwa pafupipafupi. Mukadzapatsidwa prednisolone kwa nthawi yaitali kapena mankhwala a khansa, apo m'pamene tenofovir amafunika koposa, chifukwa chitetezo chikatsika kachilombo kamadzuka. Ngati munakulira kunyanja kapena kumadambo, pemphani akuyezeni likodzo, chifukwa mtundu wake wa m'matumbo umaumitsa mitsempha ya m'chiwindi, ndipo praziquantel amachiza. Yezetsaninso hepatitis C kamodzi. Ameneyo amachizika ndi mapiritsi a milungu 12, koma womupereka ayenera kudziwa za hepatitis B wanu.

Kudziwa ngati mankhwala akugwira

Simungadziwe ndi mmene mukumvera. Magazi ndiwo amanena. ALT amasonyeza kutupa kwa chiwindi, ndipo WHO imawerengera 30 kwa abambo ndi 19 kwa amayi ngati malire. HBV DNA, imene ambiri amangoti vairo lodi, imawerenga tizilombo m'magazi, ndipo cholinga n'chakuti isapezeke. Kwa amene anayamba ndi tizilombo tambirimbiri zimatenga chaka kapena kuposa, choncho musataye mtima ikapezekabe pa miyezi isanu ndi umodzi. Ikatsika kenako n'kukweranso, chifukwa chake pafupifupi nthawi zonse chimakhala kudumphitsa mapiritsi, popeza si kawirikawiri kuti kachilomboka kazolowere tenofovir. HBsAg idzapitirira kupezeka ngakhale mankhwala akugwira bwino. Kuyezetsa mobwerezabwereza m'malabotale olipira poyembekezera kuti isintha ndi kutaya ndalama.

Zipsera zimayerekezedwa ndi kawerengedwe kotchedwa APRI, komwe kamangofuna AST, imene ngati ALT imasonyeza kuvulala kwa chiwindi, ndi mapuleteleti, tizigawo ta magazi tothandiza kuti magazi aundane, zoyezeka m'zipatala zambiri za maboma. Mwachitsanzo, AST ya 48 mukaigawa ndi 40, amene ndi malire a AST yabwino, imapereka 1.2, mukachulukitsa ndi 100 n'kugawa ndi mapuleteleti 150, mupeza 0.8. Kupyola 0.5 kumasonyeza kuti zipsera zayamba kukula, ndipo kupyola 1 kumakayikitsa cirrhosis. Funsani nambala yanu, chifukwa ndiyo ikuuzeni kuti malangizo a cirrhosis omwe tawatchula akukukhudzani kapena ayi. M'chaka choyamba magazi ayezedwe miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, kenako kamodzi pa chaka zinthu zikakhazikika.

Tenofovir amachepetsa chiopsezo cha khansa ya chiwindi koma sachichotsa chonse. Mwa amuna a kuno ku Africa khansa imeneyi imabwera pa msinkhu wocheperapo kusiyana ndi madera ena, nthawi zina ngakhale popanda cirrhosis. Pa zaka 41, sikani ya chiwindi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndi yofunika, makamaka ngati APRI ndi yokwera kapena m'banja mwanu wina anamwalira ndi khansa ya chiwindi. Chotupa chopezeka chili chaching'ono chimatheka kuchithandiza, pomwe chopezeka mimba itatupa kale sichisiya mpata wambiri.

Akazi anu ndi mwana

Tenofovir amene mukumwayo sakhudza mimba ya akazi anu. Chofulumira ndi chakuti iwo ayezedwe HBsAg ku sikelo tsopano, osadikira kuchira. Akapezeka alibe, alandire katemera, yemwe ndi wololedwa kwa mayi woyembekezera: majakisoni atatu, woyamba, wina pakatha mwezi, womaliza pa miyezi isanu ndi umodzi. Mpaka katemerayo atatha, gwiritsani ntchito kondomu, ngakhale kuti mankhwala anuwo akutsitsa kale mpata wowapatsira.

Akapezeka nako, sizitanthauza kuti wina anazembera mnzake. Kuno ambiri amene ali ndi hepatitis B wokhalitsa anamutenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, ndipo inu nonse mwina munabadwa katemera asanabwere, poti m'Malawi analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002. Khanda lotenga kachilomboka pobadwa, 9 pa 10 alionse amakhala nako moyo wonse, ndiye apa mpofunika kuchitapo kanthu. Mayi amene ali ndi tizilombo tambiri, vairo lodi yoyambira 200,000 kupita m'mwamba, kapena amene wapezeka ndi HBeAg, chizindikiro china cha m'magazi chosonyeza kuti kachilombo kakuswana kwambiri, amapatsidwa tenofovir yemweyu kuyambira m'chigawo chachiwiri cha mimba, mwezi wachinayi kupita m'tsogolo. Kumene zoyezera zimenezi kulibe, malangizo a WHO a 2024 amalola kupereka kwa mayi aliyense yemwe wapezeka ndi HBsAg. Mwana alandire katemera wa hepatitis B maola 24 asanathe chibadwire, kenako apitirize wa milungu 6, 10 ndi 14. Wa pobadwayo ndi wosiyana ndi wa milungu 6 uja, ndipo zipatala zina sizikhala naye, choncho funsani anamwino a ku sikelo mimba idakali yaing'ono kuti mudziwe komwe mudzamupeze. Kuyamwitsa n'kololedwa, ngakhale mayi akumwa tenofovir. Mayi amene anayamba mankhwala chifukwa cha mimba asasiye yekha akachira. Dokotala ndiye anene nthawi, ndipo chiwindi chiziyezedwa miyezi yotsatirayo chifukwa nthawi imeneyo chimakonda kutupa.

Ana anu ena, abale anu a bere limodzi ndi mayi anu ngati alipo nawonso akayezetse. Pakhomo musabwerekane lezala, mswachi, chowengera zikhadabo kapena chometera chomwe chimacheka, ndipo za kutema mphini ndi lezala limodzi zilekeke. Chilonda chanu chizimangidwa, ndipo magazi akadonthera pansi apukutidwe ndi jiki wosungunula, chifukwa kachilomboka kamakhala kamoyo m'magazi ouma kwa sabata kapena kuposa. Mbale, makapu, kudyera nsima pamodzi ndi kunyamula mwana sizipatsira, ndiye pasakhale zokupatulirani ziwiya. Magazi okha musadzaperekenso, ngakhale vairo lodi itadzasiya kupezeka.